Makina a masewera a pa TV: kodi ana athu azingosewera cabe kapena aphunzire kupanga?

M'MAKOMBONI a mu Lusaka, m'tauni ya Chipata, ku Katete, ngakhale pa timisika ta kumidzi komwe kwafika malaiti kapena sola, simungasowe kashopu momwe anyamata aunjikana patsogolo pa TV, awiri atagwira tizipangizo ta mabatani, akumenya mpira wa pa PlayStation. Alipira asanayambe, ndipo wogonja apatsa mpata mnzake amene wabwera ndi ndalama.

Makolo ambiri aona zimenezi monga kutaya nthawi ndi ndalama, ndipo kawiri-kawiri sanama ai. Pali ana amene athawa kusukulu, pali ena amene abisa cenji ya ku cigayo kuti akasewere. Dandaulo limeneli limveka m'misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, limvekanso m'magulu a azimai a ku chalichi.

Koma pali mbali ina ya makina amenewa imene ambiri a ife sitiidziwa. Makina alionse a masewera a pa TV ndi kompyuta yeni-yeni, koma yokhomedwa ndi eni kampani kuti wogula azingosewera zimene amugulitsa. Kwa zaka zoposa 40 pakhala anthu wamba, ena ana a sukulu, ena anchito za masiku onse, amene sanakhutire ndi kusewera cabe. Madzulo akaweruka anali kukhala pansi ndi kulemba masewera ao-ao pa makina omwewo. Mbiri yao ili ndi phunziro kwa ife makolo.

Masewera apangidwa bwanji?

Kompyuta ilibe nzeru zake. Icita cokhaco cimene yauzidwa, motsatira ndondomeko imene yapatsidwa. Mndandanda wa malangizo amenewa ndiwo uchedwa pulogalamu, ndipo ulembedwa m'zinenero zapadera monga BASIC kapena C, zimene mau ake ndi ocepa koma malamulo ake ndi okhwima. Mukaiwala kacizindikiro kamodzi, makina akana kugwira nchito.

Masewera onse a pa TV, akale ndi atsopano omwe, azungulira pa nchito zinai. Coyamba, makina aona batani limene wosewera wadina. Caciwiri, awerengera pomwe kanthu kalikonse kayenera kufika: ngati kamunthu kanali pa malo 100 ndipo kasuntha malo awiri, tsopano kali pa 102. Cacitatu, aona ngati pali zinthu zimene zagundana, monga mpira ndi phazi kapena mpira ndi ukonde wa golo. Cacinai, ajambula cithunzi catsopano pa TV. Akatsiriza abwereranso poyamba, ndipo acita zimenezi mpaka ka 50 kapena ka 60 pa sekondi imodzi. Maso athu sangathe kulekanitsa zithunzizo, motero tiona ngati zinthu zikuyenda.

Tengani citsanzo ca nsolo. Mwana wofuna kuika nsolo pa makina ayenera kuwauza kuti maenje alipo angati, m'dzenje lililonse muli miyala ingati, miyala iyenda kulowera kuti, cicitika n'ciani mwala wotsiriza ukagwera m'dzenje lopanda kanthu, ndiponso ndi liti pamene munthu adya miyala ya mnzake. Zimene agogo acita ndi manja mosaganiza kawiri, iye ayenera kuzigawa m'tizigawo ting'ono-ting'ono ndi kuzilemba mosasiya kanthu. M'menemo muli masamu, muli Cingelezi, mulinso kudekha, pakuti pulogalamu siyenda bwino tsiku loyamba. Wolemba athera nthawi yaitali akufuna-funa pomwe paphonyeka kuposa nthawi imene athera polemba.

Ciyambi cake

Mu 1977 kampani ya Atari ya ku America inatulutsa makina amene pambuyo pake anachedwa Atari 2600. Malo ake osungira zinthu pogwira nchito anali ma byte 128 okha. Byte imodzi isunga cilembo cimodzi, kutanthauza kuti uthenga umodzi wa pa foni wa zilembo 160 sukanakwanamo. Patapita zaka zocepa, katswiri wa kampaniyo, Warren Robinett, anapanga katiriji yochedwa BASIC Programming. Katiriji ndi kabokosi kaja kolowetsa m'makina, ndipo iyi inali kulola mwini makina kulemba timapulogalamu take. Malo anali ocepa kwambiri, zilembo ngati 64 cabe, kotero simunatuluke masewera ochuka, koma ana anaona ndi maso ao kuti makina angathe kumvera munthu wamba.

Ku Japan zinthu zinapita patsogolo. Kampani ya Nintendo inatulutsa makina ochedwa Famicom mu 1983, ndipo mu 1984, mogwirizana ndi makampani a Sharp ndi Hudson Soft, inayamba kugulitsa Family BASIC, imene inali katiriji ndi kiyibodi zolumikiza ku makinawo. Mwana anali kutaipa pulogalamu yake, kuiona pa TV, ndi kuisunga pa tepi yonga ija tinali kumverera nyimbo pa wailesi ya kaseti.

Mmodzi mwa anyamata amene anaphunzirira pamenepo ndi Satoshi Tajiri. Iye anali kulemba kamagazini kake konena za masewera, ndipo anagwiritsa nchito Family BASIC kuti amvetse mmene Famicom igwirira nchito m'kati mwake. Mu 1989 anatulutsa masewera ake oyamba ogulitsa, ndipo mu 1996 gulu lake linatulutsa Pokémon, amene ana athu awadziwa kupyolera m'makatuni ndi zithunzi za pa zikwama za kusukulu. Masahiro Sakurai, amene anapanga masewera a Kirby mu 1992, nayenso wanena poyera kuti Family BASIC ndiyo inamulowetsa m'nchito imeneyi.

Makina aja a "TV game" okhala ndi makatiriji acikasu, amene anadzaza m'masitolo ndi m'misika yathu m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, anali okopera Famicom yomweyo. Koma ambiri anafika kuno opanda kiyibodi ndiponso opanda buku la malangizo. Ana a ku Japan analandira coseweretsa pamodzi ndi cida. Athu analandira coseweretsa cabe.

Anakhomeranji citseko?

Mu 1983 malonda a masewera a pa TV anagwa ku America. Makampani ambiri anali atayamba kupanga makatiriji a Atari mothamanga, ambiri a iwo osakoma, mpaka ogula anatopa ndipo masitolo anatsala ndi katundu wosagulika. Atari yeni-yeniyo inakwirira makatiriji ankhani-nkhani m'dzala la ku Alamogordo m'boma la New Mexico, ndipo ena anafukulidwa mu 2014.

Pamene Nintendo inalowa msika wa ku America mu 1985 ndi makina ochedwa NES, inaikamo kacipangizo kogwira nchito monga loko. Katiriji iliyonse inayenera kukhala ndi kiyi yake, apo ai makina anali kukana kuiwerenga. Kampani yofuna kupanga masewera inayenera kutenga cilolezo, kulola kuti Nintendo ndiyo ipange makatiriji ake, ndiponso kusapitirira masewera asanu pa caka. Makampani ena amene anabwera pambuyo anatengera njira yomweyi yokhoma.

Cifukwa cacikulu ndi ndalama. Kawiri-kawiri makinawo agulitsidwa pa phindu locepa, nthawi zina motaya kumene, cifukwa kampani idziwa kuti idzadya pa masewera alionse amene wogula adzagula pambuyo pake. Munthu wolemba masewera ake m'nyumba salipira kanthu kwa iwo. Ndiye zida zopangira masewera zinali kugulitsidwa kwa makampani a cilolezo okha, pa mtengo wa madola masauzande.

Cifukwa caciwiri ndi akuba. Citseko cimene cilola pulogalamu ya munthu wamba kulowa cingathenso kulola zimbale zokopera mwakuba, zonga zija zipezeka m'misika yathu. Apa tiyenera kusiyanitsa bwino. Wokopera nchito ya wina ndi kuigulitsa ndi wakuba. Wolemba masewera ake, zithunzi zake ndi nyimbo zake sanabe kanthu. Koma loko sidziwa kusiyanitsa awiriwa, ndipo onse iwatsekera kunja.

PlayStation yakuda

Kampani ya Sony ndiyo inatsegula citseko mwa njira imene ikumbukiridwa kufikira lero. Mu 1996 ku Japan, ndi mu 1997 ku Europe ndi ku America, inayamba kugulitsa makina ochedwa Net Yaroze. M'Cijapani mau akuti yaroze atanthauza kuti "tiyeni ticite". Inali PlayStation yomweyo, koma yakuda m'malo mwa yotuwa, ndipo inali kubwera ndi mabuku a malangizo, zimbale za zida zolembera ndi cingwe columikiza ku kompyuta.

Mtengo wake sunali wa masewera. Ku America inali madola 750 pamene PlayStation wamba m'caka ca 1997 inatsika kufika pa madola 149. Ku Britain inali mapaundi 549. Siinali kupezeka m'sitolo. Munthu anali kuiitanitsa kwa Sony yeni-yeniyo. Anayeneranso kukhala ndi kompyuta yake ndi kudziwa cinenero ca C. Anali kulemba pulogalamu pa kompyuta, kuitumiza pa cingwe kupita ku makina akudawo, ndi kuyang'ana pa TV ngati yayenda.

Sony inasamala kuti ophunzirawa asapikisane ndi makampani olipira cilolezo. Mwini Net Yaroze sanali kuloledwa kuika masewera ake pa cimbale coti ciwerengedwe ndi PlayStation wamba. Masewera onse anayenera kukwana m'malo osungira a makinawo, amene mbali yake yaikulu inali ma megabyte awiri cabe. Cithunzi cimodzi cojambula ndi foni ya masiku ano kawiri-kawiri ciposa pamenepo. Koma kucepa kwa malo kunaphunzitsa anthu kusamala. Ngakhale masewera ochuka a mpikisano wa mamotoka, Ridge Racer, a kampani yaikulu ya Namco, anali kukwana onse m'malo omwewo, mwakuti wosewera anali kutha kucotsa cimbale cake ndi kuikamo ca nyimbo masewerawo ali m'kati.

Mwai waukulu unadza kupyolera m'magazini. Official UK PlayStation Magazine ya ku Britain inali kutuluka ndi cimbale ca mphatso mwezi uliwonse, ndipo kuyambira mu 1997 inayamba kuikapo masewera a anthu a Net Yaroze. Motero cinthu cimene mnyamata analemba m'cipinda cake cogona cinali kufika m'nyumba masauzande ambiri. Chris Chadwick anapambana mpikisano mu 1998 ndi masewera ake ochedwa Blitter Boy, ndipo pambuyo pake analembedwa nchito yopanga masewera. David Johnston analemba Timeslip, momwe kankhono kayenera kupewa kugundana ndi mayendedwe ake akale, ndipo patapita zaka anatsegula kakampani kake nadzatulutsa The Adventures of Shuggy pa Xbox 360 mu 2011. Mitsuru Kamiyama wa ku Japan, mmodzi mwa opanga Terra Incognita, anakagwira nchito ku kampani yaikulu ya Square Enix.

Masukulu nawo anaona phindu lake. Yunivesiti ya Abertay mu mzinda wa Dundee ku Scotland, imene mu 1997 inayamba maphunziro a digiri ya kapangidwe ka masewera a pa kompyuta, inagwiritsa nchito makinawa pophunzitsa, cimodzi-modzinso yunivesiti ya Middlesex mu London. Makina amene makolo anali kuwaona monga mdani wa maphunziro anakhala cida ca m'kalasi.

Wopatsa angathe kulanda

Pa PlayStation 2, imene inatuluka mu 2000, Sony inaika cinenero ca Yabasic pa cimbale ca mphatso ca ku Europe. Pa nthawiyo kampaniyi inali kukangana ndi a msonkho a kumeneko, ikufuna kuti makinawo awerengedwe monga kompyuta, cifukwa makompyuta sanali kulipira msonkho wolowera. Mu 2002 inagulitsanso zida zosandutsa PlayStation 2 kukhala kompyuta yoyendera pulogalamu yaulere ya Linux.

PlayStation 3 ya mu 2006 inabwera ndi mwai womwewo uli kale m'kati. Ophunzira ndi akatswiri anakondwera nawo, ndipo mu 2010 nthambi ya kafuku-fuku ya asilikali a ndeke a ku America inalumikiza makina amenewa 1,760 n'kupanga kompyuta imodzi yamphamvu kwambiri pa mtengo wocepa. Koma pa 1 April m'caka comweco, Sony inatumiza pulogalamu yatsopano pa intaneti imene inatseka mwai uja, ponena kuti ikuteteza makina ake. Munthu anayenera kusankha: kuvomera kuti Linux icoke, kapena kutaya mwai wosewera ndi anzake pa intaneti ndi wosewera masewera atsopano. Mu 2011 kampaniyi inatengera ku khoti mnyamata wina, George Hotz, amene anaulula njira yotsegulira loko wa makinawo, ndipo mlanduwo unatha pa kumvana kwa mbali ziwiri. Ogula nawonso anasumira Sony, ndipo mu 2018 khoti linavomereza kuti kampaniyi ipereke madola mamiliyoni 3.75 kuti agawane, patapita zaka 8.

Inu alimi mungamve bwino nkhani imeneyi. Ku America alimi akhala akulimbana ndi kampani ya mathirakitala ya John Deere cifukwa makina ake atsopano ali ndi makompyuta okhomedwa, mwakuti pa zovuta zina mlimi kapena makanika wa pafupi sangathe kukonza popanda wogulitsa wovomerezeka. Mu 2023 boma la Colorado linapanga lamulo lopatsa alimi ufulu wopeza zida ndi malangizo okonzera makina ao. Funso ndi limodzi, kaya ndi thirakitala kapena PlayStation: cinthu cimene wagula ndi ndalama zako, mwini wake weni-weni ndani?

Masewera a ulimi amene anagwedeza dziko

Kampani ya Microsoft, eni makina a Xbox, inatsegula citseko cake mu 2006 ndi zida zaulere zochedwa XNA. Kulemba pa kompyuta kunali kwaulere, ndipo wofuna kuyesa masewera ake pa Xbox 360 anali kulipira madola 99 pa caka. Kuyambira mu November 2008 anthu wamba analoledwa kugulitsa masewera ao pa makinawo, iwo n'kumatenga mpaka 70 pa madola 100 alionse. James Silva, amene poyamba anagwirako nchito yotsuka mbale, anapambana mpikisano wa kampaniyi mu 2007, ndipo mu 2009 anatulutsa timasewera ta dola imodzi timene tinagulidwa ndi anthu oposa 300,000.

Koma nkhani yokoma koposa ndi ya Eric Barone wa ku Seattle. Atatsiriza maphunziro a makompyuta mu 2011 anasowa nchito imene anaphunzirira. Anayamba kulemba masewera ndi zida za XNA kuti anole luso lake, uku akugwira ganyu yolondolera anthu pa mipando m'nyumba ya zisudzo. Poyamba anali kuganiza zokagulitsa pa kamsika ka anthu wamba ka pa Xbox. Anagwira yekha kwa zaka zinai ndi theka: pulogalamu, zithunzi, nyimbo ndi nkhani yake, zonse ndi manja ake.

Masewerawo achedwa Stardew Valley, ndipo mungadabwe kumva kuti ndi a ulimi. Wosewera asiya nchito ya mu ofesi m'tauni napita ku munda umene anamusiyira agogo ake. Alambula, alima, abzala motsatira nyengo, athirira, aweta nkhuku ndi ng'ombe, agulitsa zokolola ndi kuphunzira kukhala bwino ndi anansi. Anatuluka pa kompyuta mu February 2016, kenaka pa PlayStation, Xbox ndi Nintendo Switch, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 anali atagulidwa koposa ka mamiliyoni 41. Anthu a m'mizinda ya kunja alipira ndalama kuti alime pa TV, pamene mwana wa ku Petauke amene adziwa ulimi weni-weni aganiza kuti moyo wa kwao ulibe nkhani yoti n'kuuza dziko.

Kamsika kaja ka pa Xbox 360 kanatsekedwa mu 2017, ndipo Microsoft inali itasiya kale kukonza XNA. Amene anangodalira msikawo anatsala m'mwamba. Amene anatola luso anapita nalo kwina. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Makina akale sanafe

Anthu ena sanadikire cilolezo ca kampani. Anatenga makina akale amene eni ake analeka kuwasamala, nawaphunzira waya ndi waya, ndi kugawana zimene apeza. Mu 2010 Ed Fries, amene kale anali mkulu woona za masewera ku Microsoft, analemba masewera a Atari 2600 okwana m'ma byte 4,096 cabe, zaka 33 makinawo atatuluka. Mu 2019 anyamata awiri a kagulu ka Morphcat Games mu Berlin anatulutsa Micro Mages, masewera atsopano a NES okwana m'ma kilobyte 40, oseweredwa ndi anthu anai nthawi imodzi. M'caka comweco Chris Maltby wa ku Britain anatulutsa pulogalamu yaulere yochedwa GB Studio, imene ilola ngakhale woyamba kumene kupanga masewera a kamakina kakale ka m'manja ka Game Boy.

Wophunzira safunika kukhala ndi makinawo m'nyumba. Pali mapulogalamu ochedwa ma emulator amene asandutsa kompyuta wamba kuti icite monga makina akalewo, ndipo pa iwo munthu ayesa zimene walemba. Nayo Nintendo siinasiyiretu: mu 2021 inatulutsa Game Builder Garage pa makina a Switch, yophunzitsa ana kupanga masewera.

Kufunika kwa zonsezi kunaoneka bwino ku yunivesiti ya Cambridge. Ca m'ma 2006, mphunzitsi wina kumeneko, Eben Upton, ndi anzake anaona kuti acinyamata ofuna kuphunzira za makompyuta anali kucepa, ndipo obwerawo anali kudziwa zocepa kuposa a zaka zapitazo. Akalewo anakulira pa timakompyuta ta m'nyumba timene ukayatsa tinali kudikira kuti utaipe pulogalamu; atsopanowa anakulira pa makina okhomedwa. Ndico cifukwa cake mu 2012 anatulutsa kakompyuta ka madola 35 kochedwa Raspberry Pi, kolumikiza ku TV. Ngati dziko lolemera monga Britain linada nkhawa kuti ana ake asanduka ogula cabe, nanga ife?

Nanga kwathu kuno?

Tikumbukira zimene zinacitika mu 2015, pamene ana a Geredi 9 analemba koyamba mayeso a kompyuta m'dziko lonse. Masukulu ambiri analibe makompyuta okwanira, kwina malaiti anazima, ndipo ana ena anatsiriza mayeso usiku kwambiri makolo akudikira panja. Zinaonetsa kuti mwana sangaphunzire kompyuta pa bolodi cabe. Afunika nthawi yokhala nayo, kuiyesa ndi kulimbana nayo, ndipo palibe cimene cikhazika mwana pansi nthawi yaitali kuposa masewera amene akupanga yekha.

Sitikunena kuti makolo agulitse ng'ombe kapena matumba a cimanga kuti agule PlayStation. Makina atsopano ndi odula ndipo ndi okhomedwa kwambiri. Cofunika ndi kompyuta wamba, ngakhale yakale yogula kwa wina. Pulogalamu ya Scratch, imene inatuluka ku sukulu ya ukacenjede ya MIT ku America mu 2007, ndi yaulere, inapangidwira ana, ndipo mukaiika kamodzi igwira nchito popanda intaneti. GB Studio nayo ndi yaulere. Maparishi ambiri, masukulu a mishoni ndi maofesi a makoparetivu ali ndi kompyuta imene igwira nchito maola ocepa pa sabata, yotaipira makalata ndi zolengeza. Komiti ya acinyamata ingapemphe kuti Ciweru masana ana anai kapena asanu azikhala pamenepo, pali munthu wamkulu wowayang'anira, mphunzitsi wa kompyuta kapena wophunzira wa ku koleji amene ali pa holide.

Atsikana asasiyidwe kumbuyo. Carol Shaw, amene anayamba kuphunzira BASIC ali ku sekondale, analowa nchito ku Atari mu 1978, ndipo masewera ake a River Raid a mu 1982 anagulidwa koposa ka miliyoni imodzi. Ngati nthawi ya kompyuta iikidwa pamene atsikana ali ku citsime kapena pa moto, tidzakhala tawatsekera citseko ife eni.

Tisanamizenso ana athu. Pa munthu mmodzi wonga Eric Barone pali anthu masauzande amene masewera ao sanagulidwe ndi wina aliyense. Wolowa m'zimenezi ndi mtima wofuna kulemera msanga adzakhumudwa. Phindu lodalirika ndi luso: mwana amene waphunzira kuuza makina mmene miyala ya nsolo iyendera angathenso kulemba pulogalamu yosunga maina a mamembala a koparetivu, matumba a fataleza amene aliyense watenga ndi ngongole imene yatsala. Kaganizidwe kake ndi kamodzi.

Tisiyanitsenso zimenezi ndi njuga. Makina a bonanza ndi kubecha mpira pa foni adya ndalama za banja ndipo saphunzitsa kanthu. Mwana akakuuzani kuti ali pa kompyuta akuphunzira, njira yodziwira zoona ndi yapafupi. Muuzeni kuti, "Ndionetse cimene wapanga." Wopanga adzakondwa kukuonetsani, ngakhale katakhala kampira kamodzi kodumpha pa galasi, ndipo adzakufotokozerani cifukwa cake kadumpha tero. Wongosewera adzasowa conena.

M'mera mpoyamba. Inu makolo, aphunzitsi, atsogoleri a acinyamata ndi a makomiti a m'maparishi, kuletsa kokha sikunathetse mashopu a masewera, ndipo sikudzawathetsa. Tengani nkhaniyi ku msonkhano wanu wotsatira, muone kompyuta imene ilipo, mupeze wowaphunzitsa, ndipo musankhe tsiku loyambira.